Nkhono, Nsomba ndi Chiberekero: Mbiri ya Likodzo Kugombe la Mangochi

Chapakati pa zaka za m'ma 1990, pachipatala cha boma cha Mangochi panafika kagulu ka madokotala a ku Ulaya omwe anagwirizana ndi akatswiri a kuno kwathu monga Lester Chitsulo ndi Newton Kumwenda. Mwa odwala omwe ankabwera kudzalandira thandizo tsiku ndi tsiku, anasankhapo amayi 51, onse opezeka ndi mazira a likodzo mumkodzo. Ankafuna kudziwa ngati mazirawo amathera m'chikhodzodzo mokha. Atawayeza ziwalo zoberekera n'kutapa timinofu ting'onoting'ono tokaunika pa maikulosikopu, anapeza kuti amayi 33 anali ndi mazira a likodzo pakhomo la chiberekero, m'njira yoberekera kapena kumaliseche kwakunja. Apa ndiye kuti amayi awiri mwa atatu alionse.

Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1996 m'magazini ya zachipatala ya Acta Tropica, ndipo dzina loyamba pa lipotilo ndi la Eyrun Kjetland wa ku Norway, yemwe anadzathera zaka zambiri akufufuza za matendawa ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Kuchokera pamenepo dzina la Mangochi limatchulidwa kawirikawiri pamene akatswiri akukambirana za likodzo la ziwalo za amayi. Koma kwa amayi a kwa Mponda, ku Namiasi, Makawa ndi Malindi, vutoli linali lakalekale. Agogo awo ankalidziwa ndi ululu wa m'chinena, magazi otuluka pa nthawi yomwe si ya kumwezi, ndi maukwati omwe ankatha chifukwa pakhomo sipanamveke kulira kwa khanda.

Anthu a m'madzi

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi, ndipo ambiri moyo wawo watsamira pamadzi: nyanja ya Malawi, mtsinje wa Shire umene umatulukira pomwepo, ndi nyanja ya Malombe chakumunsi. Gombeli linali la Anyanja kuyambira kale. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 Ayao anatsika kuchokera kum'mawa, dera lomwe lero ndi Niassa ku Mozambique, ndipo mafumu monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi anakhazikitsa ulamuliro wawo. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi wa iwo dokotala Robert Laws, anakocheza sitima ya Ilala ku Cape Maclear, koma malungo anawathamangitsa mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Mu 1891 atsamunda anamanga Fort Johnston, yomwe lero ndi tauni ya Mangochi.

Olamulira anasintha, koma moyo wa kudooko unakhala womwewo. Mayi amatsuka mbale ndi kuchapa madzi ali m'mawondo. Mwana amadziwa kusambira asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo amakoka khoka madzi ali m'chiuno, ndipo akabwerako kuchilimira m'mamawa amasamba pomwepo asanapite kukagona.

Anthu a m'gombe sanali mbuli pa za thupi. Mnyamata ankapita kundagala kukavinidwa jando, kumene angaliba ankamuumbala ndipo anakanga ankamulangiza. Mtsikana ankalowa nsondo, ndipo wa mimba yoyamba ankamuchitira litiwo. Kumeneko ndiko kunali sukulu ya msambo, ukhondo, ulemu wa m'nyumba ndi nthawi yodikira mayi akabereka. Alangiziwo ankadziwa bwino zonse zooneka ndi maso ndi zomveka m'thupi. Chomwe sakanatha kuona ndi dzira la nyongolotsi ya likodzo lomwe kutalika kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a milimita.

Motero zizindikiro zake zinkagawidwa ku matenda ena odziwika. Mayi womva kuyabwa ndi kutuluka chikazi chachilendo ankauzidwa kuti ndi mauka. Bambo womva kupweteka kumaliseche ankaganizira chinzonono, kapena kanyera ngati panali kukayikira kuti mwambo wa m'nyumba unalumphidwa. Kusabereka kunkagwera mayi, kapena mfiti ya pamudzi. Ndipo mnyamata wokodza magazi sankadabwitsa aliyense, poti anzake ambiri a msinkhu wake ankatero. M'madera angapo a mu Afrika, kuyambira ku Egypt, magaziwo ankawatenga ngati chizindikiro chakuti mwana akukula.

Ulendo wa nyongolotsi

Ku Egypt komweko ndi kumene chinsinsi chinayamba kuululika. Mu 1851 Theodor Bilharz, dokotala wachinyamata wa ku Germany, akupima mitembo pachipatala cha Kasr el-Aini mumzinda wa Cairo, anapeza tinyongolotsi toyera tikukhala m'mitsempha ya magazi. Mu 1910 Marc Armand Ruffer anapeza mazira ake ouma mu impso za mitembo youmikidwa zaka pafupifupi 3,000 zapitazo. Mu 1915 Robert Leiper anatsimikiza kuti nyongolotsizi sizingachoke kwa munthu kupita kwa mnzake popanda kudzera mu nkhono za m'madzi.

Ulendo wake umayenda chonchi. Munthu wodwala akakodzera m'nyanja kapena mumtsinje, mazira amaswa ndipo m'dzira lililonse mumatuluka kamphutsi kosambira, komwe kamakhala ndi maola ochepa oti kapeze nkhono ya mtundu wa Bulinus. M'nkhonomo kamachulukana kwa sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, kenako nkhono imayamba kulavula timphutsi tambirimbiri ta michira yogawanika. Timatuluka kwambiri masana dzuwa likatentha, nthawi yomwe ana amathamangira kukasambira. Sitidikira chilonda: timaboola khungu labwinobwino m'mphindi zochepa, n'kuyenda ndi magazi kudutsa m'mapapo mpaka kuchiwindi, kumene timakula. Yaimuna imatalika sentimita imodzi ndi theka, yaikazi imafika masentimita awiri koma ndi yowonda, ndipo imagona m'kangalande ka pamimba pa yaimuna. Zikatengana chotero zimasamukira limodzi ku mitsempha ya m'chiuno. Kumeneko zimakhala zaka zitatu mpaka zisanu, zina kuposerapo kwambiri, yaikazi ikuikira mazira mpaka mazana patsiku.

Dzira lililonse lili ndi kaminga kunsonga. Ena amaboola khoma la chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo, ndipo ndiwo amadzetsa magazi aja otsirizira pokodza. Koma ambiri amakodwa m'minofu. Thupi limawazinga ndi asilikali ake, pamalopo pamatupa, pamachita chipsera, ndipo pakapita zaka mazirawo amauma n'kusanduka timiyala.

Apa m'pamene kapangidwe ka thupi kamalowerera. Mitsempha yobweza magazi kuchokera kuchikhodzodzo siyenda yokha. Imalumikizana ndi ya chiberekero ndi njira yoberekera mwa amayi, ndi ya prostate ndi timatumba ta umuna mwa abambo, monga momwe timifuleni ta m'dambo timathirana madzi nyengo ya dzinja. Nyongolotsi yomwe yafika pachikhodzodzo ndiye kuti yafika kale pakhomo pa ziwalo zoberekera. Frank Cole Madden, dokotala wa maopaleshoni ku Cairo, analemba za mayi wopezeka ndi likodzo m'njira yoberekera mu 1899, ndipo mu 1911 analembanso za likodzo la ziwalo za abambo. Komabe kwa zaka zambiri mabuku anapitiriza kuliphunzitsa ngati matenda a mkodzo basi.

Zomwe anaona madokotala a kuno

M'nthawi ya Nyasaland, madokotala a boma ankalipeza paliponse pomwe ayeza. W. H. Dye analemba za likodzo la ku Karonga mu 1924, ndipo Oliver Ransford analemba za ku Nkhotakota mu 1948. Mankhwala a nthawiyo anali tartar emetic, yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito ku Khartoum cha m'ma 1918. Ankabayidwa mumtsempha kwa masabata angapo, ankasanzitsa, ankatsokomoletsa, ndipo nthawi zina ankaimitsa mtima. Sizodabwitsa kuti ambiri ankasiyira panjira.

Dziko litalandira ufulu, madokotala a amayi anayamba kuyang'ana kupitirira mkodzo. Mu 1976 Colin Bullough, yemwe ankagwira ntchito m'Malawi muno, anasonyeza kuti mazira a likodzo ankapezeka kwambiri mwa amayi osabereka kusiyana ndi obereka. Mu 1982 panatuluka lipoti la minofu ya amayi 176 a m'Malawi opezeka ndi likodzo la ziwalo zoberekera, ndipo malo omwe mazira ankapezeka kwambiri anali khomo la chiberekero. Mmodzi mwa olemba ake anali John Chiphangwi, katswiri wa za uchembere yemwe anadzatsogolera kukhazikitsidwa kwa College of Medicine mu 1991. Sukuluyi, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ili ndi nthambi yake ku Mangochi.

Kuti timvetse chifukwa chake timazira tochepa chonchi timatha kutseka mphumi ya banja lonse, tiyenera kuona kufewa kwa njira yomwe moyo umayambira. Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, pakati pa 1 ndi 2 miliyoni, osungidwa m'timatumba tiwiri tokhala kumanzere ndi kumanja kwa chiberekero. Akatha msinkhu, mahomoni ochokera kumunsi kwa ubongo amachititsa kuti pafupifupi mwezi uliwonse dzira limodzi likhwime n'kutuluka, ndipo pa moyo wake wonse otuluka chotere amangokwana 400 kapena 500. Dziralo limalowa m'kachubu kotalika masentimita 10 mpaka 12, komwe m'kati mwake muli titsitsi tosaoneka ndi maso tolikankhira kuchiberekero. Limakhala ndi moyo osapitirira tsiku limodzi. Mbewu za bambo, zomwe zimatha kudikira mpaka masiku asanu, ziyenera kudutsa pakhomo la chiberekero, kukwera m'chiberekero n'kukakumana nalo m'kachubumo. Zikakumana, patapita pafupifupi sabata kamluza kamakamera m'khoma la chiberekero, lomwe limakhala litakhuthala kale ndi magazi. Zikapanda kukumana, khomalo limasuluka n'kutuluka, ndipo umenewo ndiwo msambo.

Paliponse pa njirayi dzira la likodzo likhoza kukodwa. M'kachubu, chipsera chimatha kutseka mpata wonse, mayi osaimanso, kapena kuuchepetsa kotero kuti kamluza kamamera m'chubu momwemo. Mimba yotere ikakula chubu chimaphulika, ndipo mayi wokhala kutali ndi chipatala chochita maopaleshoni, monga wa kwa Makanjira, akhoza kutha magazi ali pa ulendo. Pakhomo la chiberekero mazira amapanga timabanga tachikasu tooneka ngati mchenga, ndi mitsempha yopindikapindika yomwe imachucha magazi ikangokhudzidwa. N'chifukwa chake mayi amamva ululu pokhala malo amodzi ndi mwamuna wake, ndipo pambuyo pake amaona magazi. Mwa atsikana ang'ono mazira amakonda kukhala chakunja, n'kuyambitsa kuyabwa ndi tinjerewere.

Ofufuza a ku Mangochi aja anamvanso za m'mabanja. Anaona kuti amuna a amayi osabereka opezeka ndi vutoli kawirikawiri anali atabereka ana kwa akazi ena. Kudera lomwe mbumba imawerengedwa kuchikazi, mayi wopanda mwana amataya zambiri kuposa ukwati.

Mu 2006 Kjetland ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza kumidzi ya ku Zimbabwe: amayi okhala ndi likodzo la ziwalo zoberekera ankapezeka ndi HIV pafupifupi katatu kuposa anzawo opanda vutoli. Chifukwa chake n'chomveka. Khungu lofewa la m'njira yoberekera ndilo chotchinga choyamba, ndipo likakhala ndi zilonda zodzaza ndi maselo a chitetezo, omwe ndi omwewo kachilomboka kamafuna, khomo limakhala lotsegula.

Pamene nsomba zinachepa

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankakhulupirira kuti likodzo la m'mbali mwa nyanja limachokera m'madambo, m'mabango ndi m'timitsinje tothira m'nyanja, momwe mumakhala nkhono ya Bulinus globosus. Gombe la mchenga loombedwa ndi mafunde ankaliyesa losaopsa, ndipo alendo ankauzidwa choncho.

Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito m'bungwe la Peace Corps, omwe anasambirako ku Cape Maclear, anadwala likodzo lomwe linafika kuubongo ndi kufupa la msana. Chaka chotsatira bungwe la zaumoyo la dziko lawo, CDC, linayeza magazi a anthu 955 ochokera kunja okhala m'Malawi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anapezeka kuti anagwidwapo. Lipoti linatuluka m'magazini ya The Lancet mu 1996, ndipo eni malo ogona alendo anagwidwa njakata. Koma omwe ankalipira mtengo waukulu anali ana a m'mudzi wa Chembe pomwepo. Cha m'ma 1980 mwana wasukulu mmodzi mwa atatu ndiye ankapezeka ndi likodzo. Pofika 2003 anali oposa 80 pa 100 alionse.

Yemwe anagwira mfundo yake anali katswiri wa nsomba. Jay Stauffer wa ku Pennsylvania State University anali atamira m'madzi a ku Cape Maclear kwa zaka zambiri akuwerenga nsomba, ndipo anaona kuti mitundu yodya nkhono, makamaka Trematocranus placodon yomwe ili ndi mano ophwanyira zigoba kukhosi kwake, ikuchepa m'madzi osaya pamene nkhono zikuchuluka. Mu 2001 Henry Madsen wa ku Danish Bilharziasis Laboratory ndi anzake anatsimikiza kuti nkhono ina yopezeka m'nyanja ya Malawi mokha, Bulinus nyassanus, nayonso imasunga likodzo. Imeneyi siifuna mabango. Imadzikwirira mumchenga pagombe loyera, pomwe amayi amachapira.

Nsombazo zinapita kuti? Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, ndipo malamulo ake amaletsa kusodza pafupi ndi gombe la pakiyo. Koma anthu a m'midzi ya m'kati mwake anachuluka, chambo chinayamba kusowa, ndipo maukonde a maso aang'ono, ena osokereredwa ndi masikito, anayamba kusesa ana a nsomba m'madzi osaya momwe amakulira. Ku Malombe nako usodzi wa chambo unagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka boma linayambitsa makomiti a asodzi a m'madooko mu 1993. Palibe amene angaloze chala mayi wokokera tinsomba m'chitenje kuti ana adyere nsima madzulo. Koma zotsatira zake zinayenda ulendo wautali: nsomba itachoka pamchenga nkhono inachuluka, ndipo timphutsi ta m'nkhonomo tinakathera m'chiuno mwa mwana wamkazi wa msodzi yemweyo.

Nthawi ya abambo

Za abambo zinachedwa kwambiri, mwina chifukwa kupempha msodzi kuti apereke umuna wake kuchipatala si nkhani yapafupi. Chakumapeto kwa 2017, Sekeleghe Kayuni, dokotala wa ku Malawi yemwe ankachita maphunziro apamwamba ku Liverpool School of Tropical Medicine, anayamba kafukufuku m'zipatala za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Asodzi 376 analembetsa, ndipo 114 mwa iwo anavomera kupereka umuna. Pa maikulosikopu, mmodzi mwa khumi alionse anapezeka ndi mazira a likodzo mu umunawo. Poyeza ndi njira yofufuza DNA ya nyongolotsi, chiwerengero chinakwera kufika pa mmodzi mwa anayi. Ena anali ndi mazira mu umuna pomwe mkodzo wawo unali woyera, kutanthauza kuti kuyeza kwa masiku onse kukanawatulutsa ngati athanzi.

Thupi la bambo nalonso lili ndi njira yake yaitali. Mbewu zimapangidwa m'machende, omwe amakhala kunja kwa thupi chifukwa ntchitoyi imafuna malo ozizirirapo ndi madigiri awiri kapena atatu. Mbewu imodzi imatenga miyezi iwiri ndi theka kuti ipangike, kenako imakakhwimira m'kachubu kopindapinda kokhala kuseri kwa tchende, komwe kutalika kwake kukanakwana mamita 6 katatambasulidwa. Kuchoka apo imakwera ndi mtsempha wa umuna, womwe madokotala amadula bambo akasankha kutseka, mpaka kuseri kwa chikhodzodzo. Pamenepo pali timatumba tiwiri totulutsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a madzi a umuna, odzaza ndi shuga wopatsa mbewu mphamvu yosambira, ndipo pansi pake pali prostate, yomwe imazinga njira ya mkodzo n'kuthirako madzi ake. Mbewu zenizenizo ndi kagawo kochepa chabe ka zomwe zimatuluka.

Timatumbato ndi prostate, poti zagundana ndi chikhodzodzo, ndizo zimalandira mazira a likodzo koyamba. Bambo amamva kupweteka potulutsa umuna, amaona magazi mu umunawo, kapena amauona utasintha mtundu ndi kulimba kwake. Ena amatupa machende. Pounika ndi makina a sikani, gulu la Kayuni linaona kusintha m'prostate ndi m'timatumba ta umuna mwa ena a asodziwo, ndipo atalandira mankhwala mazira anasiya kuoneka mu umuna wa ambiri.

Pali mfundo imodzi yomwe banja lililonse la m'gombe likufunika kuimva bwinobwino. Likodzo silipatsirana pogonana. Dzira lotuluka mwa bambo silingamere mwa mayi, chifukwa liyenera kuyamba laswa m'madzi n'kudzera mu nkhono. M'madooko momwe asodzi amakhala miyezi kutali ndi mabanja awo, ndipo nkhani za zibwenzi zosinthanitsa ndi usipa zimamveka, kadontho ka magazi pa mphasa n'kokwanira kuyambitsa mlandu. Mwamuna ndi mkazi akhoza kulozana zala pomwe onse awiri anatenga matendawa padooko limodzi, aliyense payekha, mwina ali ana.

Piritsi lalikulu loyera

Mankhwala a praziquantel anapangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi makampani a ku Germany a Bayer ndi Merck, ndipo anathetsa nthawi ya majakisoni a poizoni. Kuyambira 2007 Merck yakhala ikupereka mapiritsiwa mwaulere kudzera ku bungwe la WHO. Ana a sukulu za ku Mangochi amalidziwa bwino tsiku lake: alangizi a zaumoyo amabwera ndi ndodo yoyezera msinkhu, mwana aliyense amaima pandodopo kuti adziwe mapiritsi angati, ndipo makolo amauzidwa kuti mwana abwere atadya chifukwa piritsilo ndi lowawa ndipo limachititsa chizungulire pamimba yopanda kanthu.

Piritsili limapha nyongolotsi zazikulu. Silichotsa mazira omwe anauma kale m'minofu, silifafaniza chipsera cha m'chubu, ndipo silitchinjiriza mwana yemwe abwerera kunyanja mawa lake. Timabanga ta mchenga pakhomo la chiberekero cha mayi wamkulu nthawi zambiri timakhalabe ngakhale atamwa mankhwala. N'chifukwa chake phindu lalikulu lili pa mtsikana wa zaka 6 kapena 10, yemwe akamamwa chaka ndi chaka amafika pa msinkhu wobereka ziwalo zake zili zosawonongeka. Amene amatsalira kawirikawiri ndi mtsikana wosiya sukulu, mayi wa pamudzi, msodzi yemwe amagona masana, ndi kamwana koyenda dededede komwe kamasambitsidwa m'beseni la madzi a m'nyanja. Za tiana timeneti mwayi wayamba kuoneka: mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza arpraziquantel, kapiritsi kakang'ono kosungunuka m'kamwa kopangidwira ana osakwana zaka za sukulu.

Kuzindikira matendawa mwa amayi ndiko kudakali m'mbuyo. Akatswiri amayerekeza kuti amayi ndi atsikana okwana 56 miliyoni kumwera kwa chipululu cha Sahara ali nawo, koma ambiri akapita kuchipatala amalandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana, n'kubwereranso ndi vuto lomwelo. Mtsikana yemwe sanadziwepo mwamuna amabwerako ndi manyazi osayenera. Mu 2015 WHO inatulutsa kabuku ka zithunzi kothandiza anamwino kuzindikira timabanga ta mchenga tija. Malawi ali m'gulu la mayiko omwe khansa ya khomo la chiberekero yachuluka kwambiri padziko lonse, ndipo zipatala zambiri zimayeza amayi popaka viniga pakhomopo. Namwino yemwe akuchita zimenezi ku Monkey Bay, ku Koche kapena ku St Martin's ku Malindi akuyang'ana kale pamalo enieni pomwe likodzo limasiya chizindikiro chake. Akaphunzitsidwa kulizindikira, n'kufunsa mayiyo komwe amasamba ndi kuchapa, ndiponso praziquantel akakhalapo m'kabati ya chipinda chomwecho, mayi sangabwerere chimanjamanja.

Zatsopano za m'gombe

Nyanja ikupitirira kusintha. Mu 2017 ofufuza anapeza nkhono ya mtundu wina, Biomphalaria pfeifferi, m'gombe la Mangochi momwe inali isanalembedwepo, ndipo posakhalitsa ana asukulu anayamba kupezeka ndi likodzo la m'matumbo, lomwe limawononga chiwindi. Mu 2019 panatuluka umboni wakuti nyongolotsi ya likodzo la anthu ikukwatirana ndi abale ake a m'ziweto, monga Schistosoma mattheei, n'kubereka mitundu yosakanikirana yomwe mazira ake akupezeka mumkodzo wa ana a m'Malawi.

Zimenezi zinabala ntchito yofufuza yotchedwa HUGS, yomwe inayamba mu 2021 motsogozedwa ndi Janelisa Musaya wa ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme ku Blantyre ndi Russell Stothard wa ku Liverpool. Anasankha midzi iwiri, Samama ku Mangochi ndi Mthawira ku Nsanje. Kumeneko ankayeza mkodzo wa anthu chaka ndi chaka, ankatola nkhono m'madooko, ankaunika ndowe za ng'ombe ndi mbuzi, ndipo ng'ombe zina anaziveka timakina ta GPS kuti aone pomwe zimakamwa madzi. Ankayezanso khomo la chiberekero la amayi ndi umuna wa abambo ovomera, kuti adziwe ngati mitundu yosakanikiranayo ikufika ku ziwalo zoberekera.

Ngati ng'ombe zikusunga nawo matendawa, kupatsa anthu okha mankhwala sikungakwanire, ndipo a zaumoyo adzafunika kukhala pansi ndi alangizi a ziweto, a zausodzi ndi mafumu. Ntchito zomwe zikudikira n'zodziwika kale: mijigo ndi mipopi yokhala ndi malo ochapira pafupi kuti mayi asalowe m'nyanja ndi beseni, zimbudzi m'madooko momwe asodzi mazanamazana amagona, kulemekeza nyengo yotseka usodzi ya Novembala ndi Disembala kuti nsomba ziswane, ndi kufikitsa piritsi kwa akulu omwe sapezeka pabwalo la sukulu. Makomiti a m'madooko omwe anayamba mu 1993 pofuna kupulumutsa chambo ali kale ndi mayina a eni maukonde ndi alovi awo, ndipo anakanga ndi alangizi a nsondo amakumana ndi anyamata ndi atsikana chaka chilichonse pa tchuthi chachitali, pa msinkhu womwe nyongolotsi zimakhala zitachuluka kwambiri m'thupi.